Asanaboole Nyanja, a ku Nkhudzi Adziwe M'mene Mafuta Amapangikira

Pa gombe la Nkhudzi, monganso pa magombe ena onse a m'boma la Mangochi, ntchito ya usiku imayamba ndi kugula mafuta. Bwato la injini silichoka pa mchenga popanda petulo m'chigubu, ndipo kwa zaka zambiri, nyali zokopera usipa zisanasanduke za mabatire, msodzi aliyense ankadziwa mtengo wa botolo la palafini koposa m'mene ankadziwira mtengo wa sopo. Nsomba ikauma pa thandala, galimoto yopita nayo ku Limbe kapena ku Lilongwe imamwa dizilo, ndipo msewu umene imayendamo ndi wothira tala. Petulo, palafini, dizilo ndi tala ndi ana a mayi mmodzi, ndiwo mafuta akuda, onata, opopedwa pansi pa nthaka m'maiko akutali. Dziko lino silinapopepo mafuta otere. Onse amalowa kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene nthawi zonse zimakhala zoperewera. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2011, kapena m'zaka za 2022 mpaka 2024, safuna munthu wowafotokozera tanthauzo la mau amenewa.

Choncho sizodabwitsa kuti pamene boma linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum mu 2011 kuti ifufuze mafuta m'Nyanja ya Malawi, mitima ya anthu ambiri inadumpha. Ena anayamba kuwerengeratu chuma, ena anayamba kulira maliro a chambo. Koma ndi owerengeka okha mwa onsewa amene akanatha kuyankha funso loyamba, lakuti mafutawo ndi chiyani, ndipo amafika bwanji pansi pa nyanja. Nkhaniyi imazilala ndi kuyakanso malinga ndi kuvuta kwa chuma, ndipo tsiku lina idzafikanso pa bwalo la mfumu ku Nkhudzi. Pa tsiku limenelo, amene adzafunsidwe kuti amasulire zonena za alendo ndi mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi ndi wachinyamata amene anatsiriza Fomu 4. Ndi bwino kuti akonzekeretu.

Poyambira posavuta ndi pa malasha, chifukwa iwo amaoneka ndi maso ndipo amagwirika ndi manja. Malasha si makala, ngakhale kuti anthu amasokoneza maina awiriwa. Makala amaotchedwa ndi munthu: amaunjika mitengo, amaikwirira ndi dothi kuti mpweya usalowe wambiri, amayatsa, ndipo pakapita masiku owerengeka amafukula. Malasha ndi mwala wakuda wokumbidwa pansi. Komabe wootcha makala amadziwa kale chinsinsi cha malasha, ndicho chakuti mtengo ukatenthedwa pamalo popanda mpweya susanduka phulusa. Umataya madzi ndi utsi, n'kutsala chinthu chakuda choyaka bwino, chimene asayansi amachitcha kaboni. Kaboni ameneyu mtengo unamutenga mu mpweya pamene unali kukula, mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Kotero kutentha kumene kumatuluka mu mbaula ndi mphamvu ya dzuwa imene mtengowo unasunga.

Tsamba likagwa m'munda silikhalitsa. Chiswe, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timaligwirira ntchito, ndipo mvula ya chaka chamawa imapeza palibe kanthu, kaboni yense wabwerera mu mpweya. Umu ndi m'mene zimathera zomera pafupifupi zonse. Kuti chomera chidzasanduke malasha chiyenera kuthawa kuola, ndipo malo othawirako ndi chithaphwi cha madzi osayenda amene sauma chaka chonse. Tizilombo toolesa timafuna mpweya wa okosijeni, ndipo m'madzi ongoima, odzala zinyalala, mpweyawu umatha msanga. Amene anapondapo m'matope akuda a pansi pa bango ndi gumbwa ku Elephant Marsh, namva fungo longa la dzira lovunda, anaponda pa chiyambi cha nkhani imeneyi. Zomera zakufa zikaunjikana pamalo otere kwa zaka zambirimbiri zimapanga chinthu chofewa, chabulauni, chonyowa, chotchedwa peat. Madambo ambiri a kuno sapanga peat wochuluka, popeza amauma m'chilimwe ndipo moto umawapitira.

Kuchedwa kwa ntchito imeneyi ndi kumene mwana wa sukulu ayenera kukusinkhasinkha. M'zithaphwi zambiri peat amakwera pafupifupi milimita imodzi pa chaka. Akakwiriridwa ndi mchenga ndi matope obwera ndi mitsinje, kulemera kwa zapamwamba kumamufinya, kotero kuti mamita khumi a peat amatsala ngati mita imodzi yokha ya malasha. Ndiye kuti mzere wa malasha wotalika kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu ndi ntchito ya chithaphwi ya zaka pafupifupi 10,000, osawerengera zaka mamiliyoni ambiri zophika. Wophika wake ndi kutentha kwa m'kati mwa dziko, kumene kumaonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene munthu watsika. Akasupe otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota ndi mboni ya moto umenewu. Peat akaphikidwa pang'ono amasanduka malasha ofewa abulauni otchedwa lignite. Akaphikidwabe amasanduka malasha akuda a m'mafakitale. Akapitirira apo amakhala anthracite, wolimba ndi wonyezimira. Pa sitepe iliyonse madzi amachepa ndipo gawo la kaboni limakula.

Pophika pamatulukanso gasi woyaka wotchedwa methane, amene amatsekeredwa m'ming'alu ya malashawo. Gasi ameneyu ndiye mdani wa okumba. Pa 6 June 1972 mgodi wa Wankie, umene lero uli ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika, ndipo anthu oposa 420 anafera pansi. Pakati pawo panali Amalawi amene anapita kukafuna ndalama za msonkho ndi za sukulu ya ana.

Zithaphwi zimene zinabala malasha a kuno zinalipo zaka pafupifupi 280 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo kunalibe Nyanja ya Malawi, kunalibenso Afrika monga aonekera pa mapu. Afrika, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali zolumikizana m'chimtunda chimodzi chimene asayansi anachipatsa dzina lakuti Gondwana, ndipo mbali yake yaikulu inali itangotuluka kumene pansi pa madzi oundana. Madziwo atasungunuka, zigwa zinadzala zithaphwi, ndipo m'zithaphwimo munamera mitengo ya masamba ooneka ngati lilime yotchedwa Glossopteris. Zidindo za masamba ake zimapezeka m'miyala ya maiko onse asanuwa, ndipo ndi umboni umodzi wakuti maikowa anali amodzi. Miyala ya nthawi imeneyo imatchedwa Karoo, potengera dera lina la ku South Africa. M'dziko muno inatsalira m'zigamba: ku Mchenga ndi Kaziwiziwi m'boma la Rumphi, kumene migodi inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980, ku Ngana ndi Lufira m'boma la Karonga, ndi ku Lengwe ndi Mwabvi m'chigwa cha Shire. Chigamba chachikulu kwambiri cha pafupi chili ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. David Livingstone anaona malasha a dera la Tete mu 1856. Lero munthu wochokera ku Mangochi akafika pa Liwonde amatha kuona sitima ya mabogi ambirimbiri ikuoloka Shire, itanyamula malasha a ku Moatize kupita nawo ku doko la Nacala.

Nanga m'mapiri a Nkhudzi? M'menemo mulibe malasha, ndipo simungakhale. Matanthwe a mapiri amenewa, monganso a ku Cape Maclear, ndi a mtundu wina: anaumbidwa ndi moto wa pansi pa dziko kalekale, pa dziko pasanamere nkhalango. Wina akadzabwera ndi nkhani yakuti m'phiri la Nkhudzi muli malasha kapena mafuta, mwana wa Fomu 2 akhoza kumutsutsa mwaulemu.

Mafuta ali ndi chiyambi china, ndipo mphunzitsi wake wabwino ndi nyanja yeniyeniyo. Pali chikhulupiriro chofala chakuti mafuta anachokera ku mitembo ya zinyama zikuluzikulu zakale, monga Malawisaurus amene mafupa ake amaonetsedwa ku nyumba yosungira zakale ku Karonga. Si zoona. Mafuta anachokera ku zamoyo zazing'ono zedi, ndere ndi tizilombo toyandama m'madzi, tochuluka kosawerengeka. Asodzi a ku Nkhudzi amadziwa zotsatira zake ngakhale sanationepo pa makina okuzira zinthu. M'miyezi ya mwera, kuyambira May mpaka September, mphepo imakankhira madzi a pamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira a pansi, odzala chakudya cha zomera, amakwera kum'mwera kuno. Ndere zimachuluka, tizilombo todya ndere timachuluka, usipa ndi utaka zimapeza chakudya. N'chifukwa chake mbali ino ya nyanja, ngakhale ndi yosaya, imabala nsomba zambiri koposa mbali zina. Mitambo ya nkhungu imene imafuka pa nyanja ngati utsi imadaliranso chakudya chomwechi.

Tizamoyo timeneti tikafa timamira pang'onopang'ono ngati fumbi. M'madzi osaya timaola tisanakwiririke. Koma Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo ake akuya kwambiri, kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi madzi ake alibe okosijeni. Nsomba sizikhalako. Madzi a pansiwo ndi ozizira ndi olemera, sasakanikirana kwenikweni ndi a pamwamba, ndipo chimene chagwera kumeneko sichiola msanga. Chimasakanikirana ndi dongo lobwera ndi mitsinje monga Songwe, Rukuru, Bua ndi Linthipe, n'kupanga matope akuda. Kunena mwachidule, pansi pa nyanja imene asodzi amaponyapo chilimira usiku uliwonse pakuchitika lero lino sitepe yoyamba ya kupangika kwa mafuta.

Sitepe yoyamba yokha siikwanira. Matopewo ayenera kukwiriridwa ndi matope ena mpaka atatsika makilomita awiri, atatu kapena anayi, nasanduka mwala. Zotsalira za tizamoyo tija zimasanduka chinthu cholimba chonga phula chotchedwa kerogen. Kutentha kukafika pakati pa madigiri 60 ndi 150, kerogen amayamba kusweka n'kutulutsa mafuta amadzimadzi. Moto ukachepa, mafuta sapsa. Ukapyola, mafuta amaswekanso n'kutsala gasi yekha. Ndipo ngakhale apse bwino, ulendo sunathe. Mafuta ndi opepuka koposa madzi, monga aliyense wotsuka mbale adziwa, choncho amakwera kudzera m'timipata ta miyala. Akapanda chowatchinga amafika pamwamba n'kutayika. Kuti asungike payenera kukhala mwala wa mchenga wogwirana, wokhala ndi timipata tambiri towamwa monga chinkhupule chimwera madzi, ndipo pamwamba pake pakhale chivundikiro cha mwala wa dongo kapena wa mchere wosadutsa kanthu, chopindika ngati mbale yovundikira. Pansi pa nthaka palibe dziwe la mafuta loti munthu angatungemo ndi ndowa. Pali mwala wonyowa ndi mafuta basi.

Tsono zinthu zisanu ziyenera kukumana pamalo amodzi: matope a chakudya chokwanira, kutentha koyenera, njira yokwerera, mwala wosungira, ndi chivundikiro chimene chinalipo kale mafutawo asanayambe kukwera. Chimodzi chikasowa, ndalama zonse zoboolera zalowa m'madzi. Padziko lonse, zitsime zambiri zoboola m'madera atsopano zimatuluka zouma.

Za pansi pa Nyanja ya Malawi, zimene zinayezedwa ndi izi. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University ya ku America, pa ntchito yotchedwa Project PROBE, anayenda pa nyanja ndi makina otumiza phokoso pansi ndi kumvetsera kubwerera kwake. Anapeza kuti m'zigawo za kumpoto ndi pakati, matope ndi mchenga zinasanjikizana kuposa makilomita anayi. Kuya kotere n'kokwanira kuphika mafuta. Mu 2005 gulu lina la asayansi linamanga makina oboolera pa chombo cha Viphya, ndipo pamalo pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 590 linatulutsa matope a mamita 380 kuchokera pansi pa nyanja. Cholinga chawo sichinali mafuta, chinali kuwerenga mbiri ya nyengo. Matope amenewo anapezeka kuti anaunjikana kwa zaka 1.3 miliyoni. Mwana wa sukulu atagawa manambala awiriwa adzapeza kuti matopewo ankakwera osakwana theka la milimita pa chaka. Pa liwiro lotere, makilomita atatu a matope amafuna zaka pafupifupi 10 miliyoni, ndipo chigwa chimene nyanjayi ikhalamo chinayamba kung'ambika zaka pafupifupi 8 miliyoni zapitazo. Liwirolo silifanana ponseponse, chifukwa pafupi ndi mathiriro a mitsinje matope amaunjikana msanga, komabe chiwerengerochi chisonyeza kuti mphika wa Nyanja ya Malawi sunakhalitse pa moto poyerekeza ndi wa ku Arabia, umene miyala yake yobala mafuta ili ndi zaka pafupifupi 150 miliyoni. N'chifukwa chake ofufuza ena amaika chiyembekezo chawo pa miyala yakale ya Karoo imene ingakhale itabisika pansi pa matope a nyanja.

Matope a 2005 anaululanso kanthu kena kokhudza Nkhudzi mwachindunji. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, ndipo nyanja inaphwa ndi mamita oposa 500. Pa nthawi zotere dera lonse la kum'mwera, kuyambira ku Mangochi kudutsa Nkhudzi mpaka kupitirira Monkey Bay, linali mtunda wouma, ndipo munthu akanayenda wapansi kuchoka pa Nkhudzi kukafika ku Makanjira. Matope amene amauma ndi kuombedwa ndi mphepo amataya chakudya chawo chonse. Onjezani apo kuti madzi a kuno ndi osaya ndipo ali ndi okosijeni mpaka pansi, mudzaona chifukwa chake maso a ofufuza amayang'ana kwambiri ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Nkhotakota.

Amene amakhulupirira kuti mafuta alipo ali ndi chifukwa chomveka. Nyanja ya Albert, pa malire a Uganda ndi Congo, ili m'mng'alu waukulu womwewu umene unang'amba Afrika kuchokera kumpoto, ndipo mu 2006 kumeneko kunapezeka mafuta ochuluka. Koma ku Albert mafuta ankaoneka akutuluka okha m'mbali mwa nyanja kuyambira kale, ndipo zitsime zinabooledwa zisanalengezedwe nkhani. Ku Malawi kuno palibe chitsime chofufuzira mafuta chimene chinabooledwa pansi pa nyanja. Makina a phokoso aja amaonetsa maonekedwe a miyala, samaonetsa chimene chili m'timipata take. Munthu aliyense wotchula kuchuluka kwa migolo ya mafuta a m'Nyanja ya Malawi akutchula maloto.

Kwa anthu a ku Nkhudzi, ngakhale chitsime chitadzabooledwa kutali kumpoto, nyanja ndi imodzi. Khalidwe lomwe lija limene limaipangitsa kusunga matope akuda limaipangitsanso kusunga chilichonse choipa chimene chagweramo. Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire pa Mangochi, ndipo madzi otuluka pamenepo ndi ochepa poyerekeza ndi amene amauluka ngati nthunzi. Nthunzi siinyamula mafuta, imawasiya m'mbuyo. Kuti Shire atulutse madzi ofanana ndi onse a m'nyanjamo pafunika zaka zoposa 600. Mu 2010 chitsime cha Deepwater Horizon chinaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayika kwa masiku 87, migolo yoposa 3 miliyoni, dziko la America ndi zombo zake zonse likulephera kutseka. Kumeneko kunali ku nyanja ya mchere, yotseguka, ya mafunde aakulu. Ku Ogoniland m'dziko la Nigeria, lipoti la bungwe la United Nations la 2011 linanena kuti kuyeretsa madambo oonongeka ndi mafuta kungatenge zaka 25 mpaka 30. Tiyeneranso kukumbukira kuti mng'alu umene nyanjayi ikhalamo sunaleke kuyenda: chivomezi cha ku Salima cha mu 1989 ndi zivomezi za ku Karonga za mu December 2009 zinagwetsa nyumba. Paipi ya chitsulo yoikidwa pansi pa madzi akuya iyenera kupirira zoterezi.

Zimene zili pa chiswe sizochepa. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha ichi boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mapiri a Nkhudzi ali m'kati mwa paki imeneyi. Mabanja a m'mbali mwa nyanja amamwa madzi ake, amachapamo, amasambamo. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi a Shire opopedwa pa Walker's Ferry, ndipo magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira mtsinje womwewo. Koposa zonse, usipa umabadwanso chaka ndi chaka malinga nyanja ikhale yoyera ndi maukonde akhale oyenera. Mafuta sabadwanso m'nthawi ya anthu. Chitsime chimapopedwa zaka makumi awiri kapena atatu n'kuuma, ndipo kaboni amene anavundikidwa kwa zaka mamiliyoni amathera mu mpweya, kumene akuonjezera kutentha kwa dziko.

Izi sizikutanthauza kuti dziko losauka likane kuyang'ana chimene lili nacho. Kudziwa za pansi pa nthaka yako si tchimo, ndipo n'kosavuta kwa munthu wokhuta kulangiza wanjala kuti asakhudze nkhokwe. Botswana anakumba diamondi namanga sukulu ndi zipatala. Koma chiyembekezo chakuti mafuta akapezeka petulo adzatsika mtengo pa gombe la Nkhudzi n'chofunika kuchiyeza. Mafuta otuluka pansi sathiridwa mu injini, ayenera kuyengedwa kaye m'fakitale yaikulu, ndipo Malawi alibe fakitale yotere. Nigeria anakhala zaka zambiri akugulitsa mafuta osayenga kunja ndi kugulanso petulo kunja komweko, anthu ake ali pa mizere. Uganda anapeza mafuta mu 2006, koma panapita zaka zoposa 15 asanagulitse, akudikira paipi ya makilomita 1,443 yopita ku doko la Tanga ku Tanzania. Mnyamata amene asiya sukulu lero poyembekeza ntchito ya pa chitsime adzakalamba ali pa mzere, ndipo ntchito zabwino za pa chitsime zimapita kwa odziwa masamu, fizikisi ndi sayansi ya miyala.

M'mene nkhaniyi inayendera poyamba sizinapatse anthu chikhulupiriro. Dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta, kuchokera kumpoto mpaka kuchigwa cha Shire, ndipo pofika mu 2013 makampani ena, monga SacOil ya ku South Africa ndi RAK Gas ya ku United Arab Emirates, anali atalandira zigawo zawo. Zilolezozo zinaperekedwa potsata lamulo la 1983, lolembedwa anthu asanaganize mozama za kuboola pansi pa madzi akumwa. Mu 2014 boma linaimitsa ntchitoyi kuti liunikenso m'mene zilolezo zinaperekedwera. Fungo lokha la mafuta linadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania mu 2012, mkangano wochokera pa pangano la Britain ndi Germany la 1890, mpaka atsogoleri opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anapemphedwa kukhala amkhalapakati. Zonsezi zinachitika dontho limodzi lisanaoneke. Asodzi ambiri anamva nkhaniyi pa wailesi monga amvera za maiko ena.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ino phulalo likhoza kukhala lenileni, loyandama pa madzi. Boma likadzafuna kuyambanso ntchito imeneyi, zotsatira za kafukufuku wa miyala ndi wa chilengedwe zisindikizidwe poyera, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo ziwerengedwe pa mabwalo a mafumu a madera a Nankumba, Mponda ndi Makanjira, pamaso pa makomiti a pa magombe, mapangano asanasainidwe. Kuitana anthu ku msonkhano wa ku hotela zinthu zitatha kale si kufunsa maganizo.

Udindo wa aphunzitsi ndi woyambirira, ndipo sufuna zipangizo zodula. Botolo loonekera, lodzazidwa ndi madzi a m'nyanja, mchenga ndi matope, likagwedezedwa n'kusiyidwa pa zenera, limaonetsa m'mawa mwake m'mene miyala imasanjikizirana, mchenga pansi, dongo pamwamba. Mafuta ophikira othiridwa pansi pa mchenga wonyowa m'kapu amakwera okha, ndipo kachidutswa ka dongo koikidwa pamwamba kamawatsekereza. Dzanja limodzi la matope akuda a pansi pa bango, loikidwa pambali pa khala ndi kachidutswa ka malasha, limaphunzitsa m'mphindi khumi zimene bolodi limalephera m'sabata yathunthu. Mutu umenewu umaphunzitsidwa kawirikawiri ngati mndandanda woloweza pokonzekera mayeso, ndi zitsanzo za ku Britain ndi ku Arabia, pamene chitsanzo chenicheni chili kuseri kwa mpanda wa sukulu.

Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso akhoza kuimirira pa msonkhano, napereka ulemu kwa mfumu ndi kwa alendo, nafunsa mafunso oyenera. Kodi mwala wobala mafuta umene bwana akunena ndi wa matope a nyanja ino kapena ndi wa Karoo, ndipo uli pa kuya kwa makilomita angati? Kodi chiwerengero cha migolo chachokera pa chitsime chobooledwa kapena pa makina a phokoso? Chitsimecho chidzakhala pa mtunda kapena pa madzi, ndipo pa madzi akuya bwanji? Chikadzaphulika m'mwezi wa July, mwera uli pakati, zombo ndi zida zotsekera zidzachokera kuti, popeza palibe chombo chachikulu chimene chingakwere Shire kuchokera ku nyanja ya mchere? Ndipo m'miyezi imene maukonde adzakhale ali pa mtunda, ndani adzalipire eni mabwato, alovi ndi amayi oyanika usipa, ndipo ndalama zake zasungidwa ku banki iti?